Buleki ya Phazi pa Bandisowo ya a Zimba

Makina ochekera matabwa a Justin Zimba anali ndi vuto limodzi lalikulu. Ukawazimitsa sankaima. Mota inkakhala chete, koma macheka ankapitiriza kuthamanga kwa nthawi yaitali, mwakachetechete, ngati kuti palibe chikuchitika.

Makinawo anali a mtundu wa bandisowo. Macheka ake ndi lamba woonda wachitsulo, wa mano akuthwa, amene amazungulira pa mawilo awiri, lina pamwamba, lina pansi. Justin anawagula kwa mmisiri wina wa ku Lundazi amene ankatseka shopu. Mawilo ake anali achitsulo cholemera kwambiri, ndipo kulemerako ndi kumene kunkawachititsa kuzungulirabe ngakhale magetsi atazimitsidwa.

Shopu ya Justin inali shedi ya malata kuseri kwa msika wa pa boma la Chama. Mkazi wake Agness ankagwira naye ntchito. Iye ankakwecha matabwa ndi sandipepa ndi kupaka vanishi. Kucheka ankadziwa ndithu, koma anasiya kalekale chifukwa makinawo ankamuopsa.

Mmawa wina mu Okutobala, dzuwa la m'chigwa litayamba kale kuwotcha, Agness anali panja pansi pa mtengo wa mango akukwecha thabwa la desiki. Anamva mota ikuzima. Anamva munthu wa pa njinga akupereka moni, Justin n'kuyankha. Kenaka kunangoti zii.

"Amake Towela," Justin anaitana ndi mawu otsika. "Tabwerani kuno."

Agness anasiya sandipepa. Mwamuna wake sankaitana choncho. Atalowa anapeza Justin atagwira dzanja lake lamanja ndi lamanzere, magazi akudontha pa utuchi. Kumbuyo kwake macheka anali akuthamangabe.

"Ndimafuna kuchotsa kachidutswa ka thabwa," anatero Justin. "Ndimayesa aima."

Agness anamuthamangira. Anang'amba chitenje chake, anamanga dzanjalo mwamphamvu, analikweza m'mwamba, ndipo anakuwira mnyamata wa njinga yamoto amene anaima pa msika.

Ku chipatala anawalandira Sista Tamala, namwino wa ku chipinda chosokera mabala. Bala linayambira m'mbali mwa chikhatho mpaka ku chala chaching'ono. Adokotala atalisoka anati mtsempha woyendetsa chalacho unadukako pang'ono. Anamubaya jakisoni wa kafumbata ndi kumuuza kuti dzanjalo lisagwire ntchito mpaka litapola.

Pomanga bandeji, Sista Tamala anafunsa mmene zinachitikira. Justin anafotokoza mwachidule.

"Ndiye kuti makina munali mutazimitsa?"

"Ee, sista. Kusasamala kwanga basi."

"Amisiri ambiri amene ndawamanga mabala muno amanena zomwezo," anatero Sista Tamala. "Makina anali atazima, koma mpeni unali usanaime. Inu muli ndi mwayi, zala zonse zilipo. Ena amabwera nazo mu pulasitiki."

Agness anatembenukira kwa sista.

"Kodi palibe njira yoti makina aziima msanga?" anafunsa.

"Ine za makina sindidziwa, amayi. Koma neba wanga amadziwa. Ndi Madamu Monalisa Chanda, amene amaphunzitsa zamagetsi ndi zamakina ku sukulu ya ntchito zamanja. Asanabwere kuno ankagwira ntchito ku fakitale ya mipando ku Kitwe. Pitani mukawafunse. Kufunsa salipiritsa."

Ali panjira yobwerera kunyumba, Agness anayambitsa nkhaniyo, koma Justin anaidula.

"Makina amenewa ndagwira nawo zaka zambiri. Lero ndalakwitsa kamodzi. Manje ndaphunzira. Sipafunika munthu wakunja."

Nthawi imeneyo anali ndi ntchito yaikulu. Sukulu ina ya ku Kambombo inawapatsa oda ya madesiki, chifukwa ana ambiri ankakhala pa njerwa. Aphunzitsi aakulu, a Donald Ng'uni, ananena poyera kuti madesikiwo afike mvula isanayambe. Mvula ikagwa mitsinje imadzaza, ndipo lole singathenso kufika ku sukuluko. Justin anali atangomaliza theka la ntchitoyo.

Choncho ulusi usanachotsedwe n'komwe, Justin anabwerera ku shopu. Ankakankha thabwa ndi dzanja lamanzere, lamanja atalipachika pa chifuwa. Agness anamuletsa koma sanamve. Anangosamutsa benchi yake kuchoka pansi pa mango n'kuiika pakhomo pa shedi kuti azimuona.

"Musade nkhawa," anatero Justin. "Ndapeza nzeru. Taonani."

Anazimitsa makina, anatola chidutswa cha mlombwa, n'kuchikanikiza pa macheka kuti aime. Panamveka kulira, utsi unatuluka, ndipo macheka anaimadi.

"Mwaona? Buleki ndi imeneyi."

"Atate a Towela, zimenezo sizikundisangalatsa."

"Amisiri onse amachita choncho."

Anachita zimenezi tsiku lonse, ndiponso tsiku lotsatira. Nthawi iliyonse Agness akamva kulira kuja ankasiya sandipepa n'kugwira pamtima. Tsiku linalo masana, Justin atakanikiza chidutswa chija, panamveka chiphokoso ngati mfuti. Macheka anaduka. Mbali ina inakwapula m'kati mwa makina, ina inatuluka, inadutsa pafupi ndi tsaya la Agness n'kukamenya lata la khoma. Lata linang'ambika.

Agness anagwira tsaya lake n'kuyang'ana m'manja. Munalibe magazi.

"Pepani, amake Towela," anatero Justin. "Sindinadziwe kuti..."

"Pepani sapoletsa chilonda," anayankha Agness.

Anapita pakhoma, anazula pulagi, anatulutsa mwamuna wake panja, anatseka chitseko cha shedi ndi loko, kiyi n'kumangirira pa nsonga ya chitenje.

"Mukuchita chiyani?"

"Makina awa sazunguliranso mpaka Madamu Chanda awaone."

"Nanga madesiki? Mvula ili pafupi! Tikalephera oda imeneyi ndani adzatipatsenso ntchito mu Chama muno? Tidya chiyani?"

"Nanga mukaduka dzanja lonse, tidya chiyani? Nanga likanakhala diso langa?"

Justin anatembenuka n'kumapita kunyumba.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, Agness anapita ku nyumba za ogwira ntchito m'boma. Sista Tamala anamuperekeza kwa neba wawo. Madamu Chanda anali mayi wamtali, wa magalasi, ndipo anawapeza akuthirira repu kuseri kwa nyumba. Anamvetsera nkhani yonse osadula mawu.

"Mwachita bwino kutseka, ba Agness," anatero. "Loweruka m'mawa ndibwera."

Justin atamva anakwiya kwambiri.

"Mwandiitanira munthu wa boma? Akaona makina akalewa alemba lipoti, ndipo khonsolo idzatitsekera. Ndi zimene mukufuna?"

Agness anali asanaganizeko zimenezo. Kuyambira pamenepo mpaka Loweruka chakudya sichinkalowa. Bwanji ngati mwamuna wake akunena zoona? Bwanji ngati iye mwini wapha ntchito imene imawadyetsa?

Loweruka Madamu Chanda anafika atavala ovolosi ya buluu, atanyamula kachikwama ka masipanala. Justin anawalonjera mozizira.

"Ba Justin, ndaona pa nkhope kuti muli ndi mantha," anatero iwo. "Ine sindine insipekita. Ndine mphunzitsi. Sindinabwere kudzatseka shopu. Ndabwera kudzaona ngati makinawa angathe kuikidwa buleki."

Asanagwire chilichonse anayang'ana kaye ngati pulagi ndi yozula, ndipo anaiika pa tebulo pamene aliyense angaione. Kenaka anatsegula zitseko za makina, anazungulitsa wilo lapansi ndi dzanja, n'kulisiya. Wilo linazungulira, linazungulira, osafuna kuima.

"Makina abwino awa," anatero. "Akale koma olimba. Kulemera kwa mawilo ndi kumene kumachititsa kuti azicheka mosalala. Koma ndi komwekonso kunakudyani dzanja. Khutu limakuuzani kuti makina azima. Diso nalo limanama, chifukwa macheka akamathamanga mano ake saoneka, amangooneka ngati chingwe choima. Ndiye munthu amatambasula dzanja."

Justin anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndi mmene zinachitikiradi.

"Ine ndimaimitsa ndi thabwa," anatero.

"Ndaona pa lata paja. Macheka ndi oonda, ba Justin. Mukawapanikiza pamene mawilo olemera akuwakokabe, amatentha, amapindika, kenaka amaduka. Buleki siikidwa pa macheka. Siikidwanso pa wilo lapamwamba, chifukwa macheka angavuke. Imaikidwa pa wilo lapansi, limene mota imazungulitsa."

Anawaonetsa m'kati mwa mkombero wa wilo lapansi. Munali mosalala.

"Apa ndi pamene padi ya buleki izigwira. Tiika chitsulo chachitali chotulukira kutsogolo, pafupi ndi phazi lanu. Mukaponda, padi igwira wilo. Mukachotsa phazi, sipuling'i ibweza."

"Bwanji osaika chogwira ndi dzanja ngati cha njinga?" anafunsa Agness.

"Chifukwa pocheka manja onse awiri amakhala pa thabwa. Zinthu zikavuta simungasiye thabwa kuti mufunefune chogwirira. Phazi ndi limene limakhala lopanda ntchito."

Nkhope ya Justin inayamba kumasuka. "Ngati ndi choncho, a Fred owotcherera pa msika apa akhoza kupanga lero lomwe. Padi ya njinga yamoto siyosowa."

"Chitsulo a Fred apanga, zoona. Koma buleki payokha siyokwanira. Mukaponda mota ikuyendabe, ziwirizi zilimbana. Padi ipsa, mota ipsa, ndipo utuchi uli apawu ukhoza kugwira moto. Pamafunika kaswichi kakang'ono pansi pa chopondera, kamene kamadula malaiti, magetsi opita ku mota, padi isanagwire wilo."

Kenaka analoza swichi ya pakhoma imene Justin ankayatsira makina. Inali yonga ya babu ya m'nyumba.

"Iyinso ichoke. Tandiuzani, malaiti akapita muli pakati pocheka, mumatani?"

"Timangodikira."

"Swichi mumazimitsa?"

Justin anayang'ana pansi. "Nthawi zina timaiwala."

"Ndiye malaiti akabwera makina amadzuka okha, kaya pali dzanja la munthu kaya palibe. Tiika bokosi la mabatani awiri, lobiriwira loyatsira ndi lofiira lozimitsira. Malaiti akapita, kapena mukaponda buleki, makina sadzukanso mpaka munthu adine batani lobiriwira."

Vuto linali lakuti kaswichi ndi bokosilo sizinkapezeka mu Chama. Madamu Chanda anaimbira foni mnzawo wa ku Chipata kuti agule n'kutumiza pa basi. Mawaya anati alumikiza okha, chifukwa ntchito ya magetsi siyongoyeserera.

A Fred anapanga chopondera sabata yomweyo. Anachimanga ndi mabawuti pa thupi la makina, chifukwa Madamu Chanda anakana kuti awotcherere pafupi ndi wilo, kuopa kuti lingang'aluke kapena kupendama. Koma katundu wa ku Chipata sanafike. Basi ina inawonongeka panjira. Ina inabwera, koma kondakitala anati phukusi analisiya ku Lundazi.

Masiku amenewo anali ovuta pa banja la a Zimba. Masana kumwamba kunkasonkhana mitambo yakuda cha ku mapiri a Muchinga. Alimi anayamba kudutsa ndi matumba a feteleza pa njinga. A Ng'uni ankaimba foni pafupipafupi, ndipo Justin ankapita kuseri kwa shedi kukayankha. Agness ankacheka zimene akanatha ndi sowo yamanja mpaka m'manja munatuluka matuza, koma mlombwa ndi wolimba ndipo ntchito sinkayenda.

Tsiku lina kunagunda bingu kutali. Justin anaima pakhomo pa shedi akuyang'ana kumwamba.

"Amake Towela, chopondera chilipo kale. Macheka atsopano ndagula. Tiyatse. Ndizizimitsa kaye pakhoma, kenaka ndiziponda."

"Madamu anati ayi."

"Madamu ali pa salale! Mvula ikagwa iwo sataya kanthu."

Agness anamva misozi ikubwera. Nayenso ankaopa mvula. Ankaganiza za ana a ku Kambombo okhala pa njerwa, ndiponso za manyazi amene angakhale nawo pa msika anthu akamva kuti a Zimba analephera oda. Koma akatseka maso ankaona lata long'ambika lija.

"Tsiku lina mudzaiwala kuzimitsa pakhoma," anatero. "Munaiwalapo kale. Ine sindilola."

Anatenga foni ya mwamuna wake n'kuimbira yekha a Ng'uni. Anawauza zonse osabisa: za dzanja, za macheka oduka, za buleki imene akuyembekezera.

"Amama, mukanandiuza kale," anatero a Ng'uni. "Ine ndimayesa mwatenga ntchito ina. Sindifuna ana anga akhale pa madesiki a magazi. Ndilankhula ndi mwini lole kuti adikire pang'ono. Koma mitsinje sinditha kuiuza kuti idikire."

Phukusi linafika Lachisanu. Loweruka Madamu Chanda anabwera, a Fred nawonso alipo, anazimitsa magetsi a shedi yonse, anayesa ndi tesita kuti atsimikize, n'kuyamba kulumikiza. Anamanga bokosi la mabatani pamalo pamene dzanja limafika mosavuta. Anaika kaswichi pansi pa chopondera, n'kukasunthasuntha mpaka kanayamba kulira kuti "tiki" padi isanakhudze wilo. Justin anaika macheka atsopano, Agness akumugwirira. Anatseka zitseko zonse za makina.

"Aliyense aime kumanzere uku," anatero Madamu Chanda. "Kumanja kwa makina osaimako. Macheka akaduka amatulukira kumeneko."

Anadina batani lobiriwira. Makina analira. Agness anapeza kuti wagwira mkono wa mwamuna wake. Madamu Chanda anaponda.

Mota inazima, wilo linaima nthawi yomweyo, ndipo m'kati mwa makina munamveka chiphokoso choopsa: gugudu, gugudu! Agness anakuwa. A Fred anathawira panja.

"Ndinanena ine!" anatero Justin. "Masiku onsewa tataya pachabe. Machekanso atsopano apita!"

Madamu Chanda sanatekeseke. Anadikira mpaka phokoso lonse litatha, anazula pulagi, n'kutsegula chitseko chapamwamba. Macheka anali atavuka pa wilo, koma sanaduke.

"Ndi chifukwa chake timayesa zitseko zili zotseka," anatero. "Buleki yagwira kwambiri. Wilo lapansi laima mwadzidzidzi, lapamwamba likuthamangabe, ndiye macheka adumpha. Makina awa safuna kuimitsidwa ngati munthu wagunda khoma. Afunika aime mofatsa, koma msanga. Pansi pa chopondera pakufunika chinthu choletsa kuti phazi lisatsike mopitirira."

Justin anayang'ana chopondera chija kwa kanthawi. Kenaka anatola kachidutswa ka mlombwa, anapempha Agness kuti akadule ndi sowo yamanja, n'kukamanga pansi pa chopondera ndi masikuluwu. Anayesanso. Ulendo uno buleki inagwira mochepa kwambiri, ndipo wilo linatenga nthawi. Anapalako pang'ono kathabwako n'kuyesanso.

Kaswichi kanati "tiki". Mota inazima. Panamveka kamkokomo kofewa, ndipo munthu asanapume kawiri katatu mano a macheka anaoneka limodzilimodzi, ataima.

Madamu Chanda anachotsa phazi. Makina sanadzuke. Anatuma a Fred kukazimitsa magetsi a shedi yonse makina akuyenda, kenaka n'kuyatsanso. Makina sanadzuke.

Justin anaseka koyamba chivulalireni.

"Musasangalale mopitirira," anatero Madamu Chanda. "Buleki siichotsa mano pa macheka. Mukamaliza kucheka, pondani, ndipo muyang'ane mpaka muone mano ndi maso anu. Zidutswa muzichotsa ndi kamtengo, osati ndi zala. Chotchingira macheka ichi muzichitsitsa chifike pafupi ndi thabwa. Posintha macheka, zulani pulagi. Ndipo utuchi wa pafupi ndi padi muzisesa tsiku lililonse."

Kenaka anayang'ana bandeji ya Justin. "Koma inu ndi dzanja limenelo simucheka. Thabwa limafuna manja awiri."

Onse anatembenukira kwa Agness. Iye anapukusa mutu.

"Ine ndinasiya kalekale, madamu."

"Munasiya chifukwa makina sankakumverani. Manje bwerani, muwauze kuti aime."

Agness anayeserera popanda thabwa. Kudina, kuponda. Kudina, kuponda. Anabwereza mpaka phazi linayamba kupeza chopondera lokha, maso osayang'ana pansi. Madamu Chanda anamuuza kuti amange bwino duku, avale malaya a manja aafupi ndi magalasi oteteza maso, ndipo chitenje achisiye kunyumba, avale thalauza kapena ovolosi.

Lolemba ntchito inayambanso. Justin ankajambula mizere ndi dzanja lamanzere, Agness akucheka. Poyamba mapewa ake ankauma ndi mantha, koma pofika masana miyendo ya madesiki inali itaunjikana pakona.

Lachitatu, kunja kukuwaza kamvula koyamba, Agness anatenga thabwa lochindikala la mlombwa limene anagula kwa ocheka a ku Chikwa. Linkaoneka labwinobwino. Atafika pakati, makina analira mokweza ngati nkhumba ikuphedwa. Moto unathetheka. Thabwa linayamba kugwedezeka mwamphamvu, likukokera manja ake ku macheka. Akanalisiya likanadumpha. Akanaligwirabe zala zikanalowa.

"Agness!" Justin anakuwa ali kutsidya kwa shedi, kutali ndi batani lofiira.

Koma phazi la Agness linali litaponda kale. Tiki. Mota inazima. Kulira kunachepa, kunachepa, n'kutha. Mano a macheka anaoneka, ataima pafupi kwambiri ndi chala chake chachikulu.

Anakhala choncho, phazi likadali pa chopondera, osatha kusuntha. Justin anafika, anazula pulagi, n'kumuchotsa manja pa thabwa pang'onopang'ono. Anayang'ana chala chilichonse. Panalibe ngakhale kachilonda.

Atalisolola thabwalo anaona chimene chinachitika. M'kati mwake munali waya wokhuthala wa dzimbiri. Unali msampha wakale wa nyama umene wina anamanga pa mtengowo uli waung'ono, mtengo n'kukula n'kuumeza.

Justin anakhala pansi pa utuchi.

"Ndikanayatsa tsiku lija," anatero, "swichi ili pakhoma uko..."

Agness anakhala pambali pake, ndipo anakhala pamenepo mpaka kamvula kanasiya kugogoda pa malata. Kenaka anadzuka, anasintha macheka amene mano ake anagumuka, n'kupitiriza ntchito. Kuyambira tsikulo thabwa lililonse ankayamba aliyang'ana mbali zonse, kufunafuna dzimbiri kapena chipsera.

Madesiki anatha mvula yeniyeni isanakhazikike. Lole inadutsa matope m'malo ena, koma inafika ku Kambombo. A Ng'uni anaimba foni, ndipo kumbuyo kwawo kunkamveka ana akukuwa ndi kumenya pa madesiki.

Dzanja la Justin linapola, koma chala chaching'ono sichinapindikenso bwino. Sista Tamala anati mwina chidzakhala choncho mpaka kalekale. Amisiri anzake a pa msika atamva za waya uja anayamba kubwera kudzaona chopondera. Ena anaseka, akuti buleki ndi ya galimoto. Justin sankakangana nawo. Ankangowaonetsa chala chake, kenaka n'kuitana Agness kuti ayatse makina ndi kuponda. Awiri mwa iwo anapita kwa Madamu Chanda mwezi womwewo, ndipo Madamuwo anayamba kutenga ophunzira awo kuti akathandize kuika mabuleki m'mashopu ena.

Inu amene mumagwira ntchito ndi makina ochekera matabwa, kumbukirani izi. Makina akazima sizitanthauza kuti aima. Musatambasule dzanja mpaka mutaona mano a macheka ndi maso anu, ndipo musawaimitse powakanikiza ndi thabwa. Ngati makina anu amachedwa kuima, funani munthu wophunzira zamakina ndi zamagetsi kuti akuikireni buleki imene imadula magetsi kaye, kenaka n'kuimitsa wilo. Musadikire ngozi. Macheka akaduka mumagula ena, koma chala sichigulitsidwa pa msika uliwonse.